Thandizeni, manambala a imfa za uchembere akundisokoneza

Wa data ku Mzuzu:
Mwaswera bwanji nonse. Abwana akufuna tebulo la miting'i ya Lachisanu, loonetsa pomwe Malawi ili tikayerekeza ndi Zambia ndi Tanzania pa amayi omwalira chifukwa cha uchembere. Nde ndasaka pa intaneti mpaka mutu waima, Malawi yomweyi pena 439 pena 497 pena 675, a WHO nawo ali ndi yawo, ndikawerengera ya kwathu mu DHIS2 (sisitimu ya pa kompyuta yomwe timalowetsamo malipoti a zipatala) ikutulukanso ina. Ndiike iti?

Mkulu wa HMIS:
Achimwene palibe yabodza pamenepo, kungoti sizikuyeza chinthu chimodzi. 439 ndi 497 zonse zili mu lipoti limodzi, MDHS ya 2015-16, kafukufuku wa m'makomo wa za umoyo (DHS) ya Malawi, ija anapanga a NSO, ofesi ya boma yoona za chiwerengero. Pa 497 amawerenga mayi aliyense womwalira ali ndi pathupi, pochira kapena pasanathe miyezi iwiri atachira, olo kuti anagundidwa ndi galimoto alimo basi. Pa 439 anachotsa za ngozi ndi zophedwa komanso amalekeza pa masiku 42. Zonse ndi pa ana 100,000 obadwa amoyo. 675 ndi ya MDHS ya 2010 ndipo anawerenga mwakale, ngati pa 497 paja, ndiye mnzake ndi 497 osati 439.

Wa data ku Mzuzu:
Ooh tsopano ndamva bwana. Nanga aneba athuwa?

Wa M&E ku Karonga:
Zambia nawo ali ndi ziwiri mu DHS yawo ya 2018, 252 ndi 278, ndiye 252 iyende ndi 439 yathu. Tanzania anali pa 556 mu 2015-16 kenako 104 mu 2022, koma musanaziike pambali pa zathu tsegulani chaputala chake muone anawerenga bwanji. China, kafukufukuyu amafunsa amayi za azichemwali awo, ali moyo kapena anamwalira liti, anali oyembekezera kapena ayi, ndipo kwathu kuno anabwerera m'mbuyo zaka 7. Nde 439 ija si ya 2016 yokha ayi.

Mzamba:
Ine pempho langa ndi limodzi, ya DHIS2 musaiike mu tebulo limenelo chonde. Rejisita yathu imangoona mayi amene wamwalira m'manja mwathu. Ambulansi imafika usiku ndi mayi wochokera kutali, wataya kale magazi ambiri, kalata ya referral ili mu health passport yonyowa, timayesetsa koma zikakanika imfayo imalembedwa kwa ife pomwe mwana anabadwira kwina. Nambala yathu nkukwera. Pomwe mayi amene tamutulutsa ali bwinobwino nkukamwalira kumudzi sabata yachitatu, ngati HSA (wazaumoyo wa kumudzi) kapena amfumu sananene sapezeka paliponse. Zimandiwawa anthu akamatiloza zala ndi nambala imeneyo, ndipo zimandiwawa koposa kuti amayi akumudziwo sakuwerengedwa.

Wa M&E ku Karonga:
Zoona a sister. Kuno kumalire ndiye zimachita kunyanya, odwala amawoloka Songwe uku ndi uku koma chiwerengero chomwe timagawira ndi cha anthu a m'boma muno chochokera ku kalembera wa 2018.

Mkulu wa HMIS:
Ya WHO ija amapanga limodzi ndi UNICEF, UNFPA ndi World Bank, amatenga zomwe dziko lili nazo nkuzikonza ndi masamu kuti mayiko afanane. Ngati abwana akufuna mayiko atatu chaka chimodzi, tengani imeneyo, koma onse atatu mu lipoti limodzi chifukwa akatulutsa latsopano amawerengeranso ndi zaka zakale zomwe. Ndipo cholinga cha SDG (zolinga za chitukuko za UN) choti imfazi zitsike pansi pa 70 pofika 2030 ndi cha dziko lonse lapansi, mulembe choncho.

Wa data ku Mzuzu:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndipanga matebulo awiri, la DHS ndi la WHO, chaka ndi komwe yachokera pansi pa nambala iliyonse, ya DHIS2 ikhale pa tsamba lake. A sister mungandithandize ndi zomwe zinatuluka mu maodit a imfa a kotala yathayi? Ndidutsa ku wodi mawa m'mawa musanaweruke.

Mzamba:
Bwerani isanakwane 7, faelo ili kwa a in-charge.