Jakisoni wa mphumu wandithandiza, koma ndikathamanga ndikubanikabe

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku Leeds, ku England, ndipo mphumu yandisautsa kuyambira ndili mwana. Chaka chatha ndinkangokhalira kumwa mankhwala a prednisolone ochepetsa kutupa m'njira za mpweya mpaka nkhope inafufuma. Adokotala atapeza kuti maselo a eosinophil achuluka m'magazi mwanga, anandiyambitsa jakisoni wa mepolizumab, 100 mg pa masabata 4 aliwonse. Pano ndabayitsa kasanu.

Kunena zoona, zasintha. Usiku ndikugona mpaka kucha, ndipo kuchipatala sindinagonekedwenso.

Chondidetsa nkhawa ndi ichi: ndikathamanga pang'ono m'mawa, makamaka kukazizira, ndikangoima chifuwa chimamangika n'kumalira ngati kamwana ka mphaka. Ndikauzira mu peak flow meter (kachipangizo koyezera mphamvu ya mpweya umene ndikutulutsa), nambala imakhala itatsika. Chonsecho ndimakhala nditapopera salbutamol (mankhwala otsegula njira za mpweya) kawiri, mphindi 15 ndisanayambe, ndipo inhaler yoteteza sindidumphitsa ngakhale tsiku limodzi.

Inu amene muli pa majakisoni a mphumu monga mepolizumab, benralizumab kapena dupilumab, zinakutengerani miyezi ingati kuti muzithamanga osabanika? Alipo amene anamuyeza mapapo akupalasa njinga ya kuchipatala ija? Ndikukaonana ndi adokotala mwezi wamawa, ndiye ndikufuna ndikapemphe zimenezo. Mwana wanga wakhala akundichonderera kuti tizikasewera limodzi mpira.