Kodi mawu akuti "OK" anachokera kuti?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Ena amati OK anayamba pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, asilikali akamalemba "0 killed" posonyeza kuti palibe wafa. Ena akuti ndi Chigiriki. Zoona n'ziti? Nanga bwanji anthu amakwiya ukawayankha "K" yekha?

Aphunzitsi Gama: Za "0 killed" zija zitayeni, mayi. Nkhondoyo inayamba mu 1861, pomwe OK anali atatuluka kale mu nyuzipepala ya Boston Morning Post pa 23 March 1839. Masiku amenewo atolankhani a mumzinda wa Boston ku America ankaseweretsa mawu: amawalemba molakwika dala, kenako n'kuwafupikitsa. "All correct" anasanduka "oll korrect", n'kukhala O.K. Analiponso anzake, monga K.Y. wa "know yuse" (m'malo mwa "no use") ndi O.W. wa "oll wright" (m'malo mwa "all right"), koma onsewo anafera m'njira.

Chinapulumutsa OK ndi ndale. Pa chisankho cha 1840, pulezidenti wa America Martin Van Buren ankamutchula kuti Old Kinderhook, poti kwawo kunali ku Kinderhook m'chigawo cha New York, ndipo omutsatira anayambitsa O.K. Club. Mwiniwake chisankho anagwa nacho, koma zilembo ziwirizo zinali zitamveka kale dziko lonse. Amene anafukula mbiriyi ndi Allen Walker Read wa ku Columbia University, m'zolemba zake za 1963 ndi 1964.

Chisale_J: A Gama alasa. Chigiriki akunenacho ndi "ola kala", kutanthauza kuti zonse zili bwino. Palinso "okeh" wa chilankhulo cha Achoctaw, mtundu wina wa eni nthaka a ku America. Pulezidenti wina wa America, Woodrow Wilson, ankakhulupirira za Achoctawzi mpaka ankalemba okeh povomereza zikalata. Kufanana kwa kamvekedwe pakokha si umboni, pamafunika cholembedwa chokhala ndi deti cholumikiza ziwirizo. Cha ku Boston chilipo.

Mayi Phiri: Pa funso lachiwirilo, tanthauzo limayendera malo amene mawuwa aima. "OK, ndibwera" ndi kuvomera. "The food was OK" si kuyamikira ayi, akunena kuti chakudyacho chinali chongodyeka basi, ndipo apa m'pamene ophunzira Chingerezi ambiri amaphonya. "Are you OK?" ndi kufunsa ngati munthu wavulala kapena wakhumudwa. "The manager okayed it" ndiye kuti bwana wavomereza.

Pa meseji mawu a pakamwa samveka, choncho wowerenga amayeza mtima wanu ndi kutalika kwa yankho. Iye walemba mizere isanu, inu mwabweza chilembo chimodzi, amaona ngati mwamutsekera chitseko. "K." wa kadontho ndiye amawawa koposa. Kwa abwana kapena akuluakulu lembani "Okay" wathunthu, muwonjezerepo "zikomo".