Ulendo wa ku South Luangwa: kodi n'koyenera kuwoloka malire pamene Liwonde tili nayo?

Mphunzitsi wa ku Likuni:

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa amene anafikako ku South Luangwa m'dziko la Zambia. Ine ndi mayi a kunyumba takhala tikusunga kangachepe kuti pa tchuthi chachitali cha sukulu titenge ana athu awiri, wina wa ku sekondale ndi wina wa sitandade 4, akaone nyama zakutchire kunja kwa dziko lino. Ku Liwonde tinapitako kale ndipo njovu, mvuu ndi ng'ona tinaziona, choncho chimene chikundivuta n'chakuti, m'nthawi ino imene ndalama zakunja zikusowa chonchi, kodi ku Luangwa kuli chiyani chimene sitingachipeze kwathu konkuno? Ndikufunanso kudziwa ngati galimoto yanga yaing'ono ingakafike, ndi zikalata zimene amafuna pachipata cha Mchinji.

Dalaivala wa ku Mchinji:

Aphunzitsi, ndiyankhako za msewu chifukwa ndi zimene ndimadyera. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Mchinji ndi makilomita opitirira pang'ono 100, ndipo chipata cha Mchinji ndi Mwami chinasanduka cha malo amodzi kumapeto kwa 2022, kutanthauza kuti simuimanso kawiri ngati kale. Mukadutsa pamenepo Chipata ali pafupi, ndipo kuchokera ku Chipata kutsetserekera ku Mfuwe, kumene kuli khomo la nkhalangoyo, ndi makilomita pafupifupi 130 a tara. Galimoto yanu ikafika bwinobwino pa Mfuwe. Mukanyamuka m'mamawa, ngati pachipata sipadzaza, mukadya nkhomaliro mochedwerako pang'ono muli m'chigwa cha Luangwa.

Mmalawi safuna viza polowa m'Zambia, koma aliyense, ndi ana omwe, akhale ndi pasipoti yake. Musadalire kachikalata kamene timawolokera nako pokagula katundu ku Chipata. Chimene chimachedwetsa anthu ndi galimoto. Mutenge buku la galimotoyo, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yakuba, ndi inshuwalansi ya COMESA ija timaitcha yelo khadi, imene ndi bwino kuigula musananyamuke. Kumeneko akakupatsani chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi ndipo pali timisonkho tina tolipira, choncho muzikhala ndi makwacha a Zambia m'thumba. Ndalamazo musinthe kubanki kapena kumalo ovomerezeka, osati kwa anyamata amene amakuthamangirani pawindo ndi mipukutu m'manja. Mafuta ndi zakudya mugule zokwanira ku Chipata, chifukwa ku Mfuwe zinthu n'zodulirapo.

Mayi wa ku Chipata:

Aphunzitsi, moni kuchokera tsidya lino. Chilankhulo chisakudetseni nkhawa, chifukwa kuyambira pa Mwami mpaka ku Mfuwe muzilankhula monga muli kwanu, ngakhale kuti eni chigwacho ndi Akunda, anthu a Mfumu Yaikulu Nsefu.

Funso lanu lenileni ndi lakuti kuli chiyani chimene kulibe ku Liwonde, ndipo yankho langa ndi mtsinje wa Luangwa weniweniwo. Shire amayenda chaka chonse ali wodzaza, pamene Luangwa, amene amachokera ku mapiri a Mafinga kufupi ndi Chitipa n'kukathira mu Zambezi, alibe damu ngakhale limodzi lomuletsa, motero dzinja amasefukira, n'kugumula magombe, n'kusintha njira yake, ndipo chilimwe amaphwa mpaka kutsala timifuleni pakati pa mchenga. Kumene anadutsa kale kumatsala mathawale okhota ngati chikwakwa, ndipo madzi akauma kutchire nyama zonse zimatsikira ku mathawale amenewa. N'chifukwa chake m'nkhalango yaikulu masikweya kilomita 9,050, nyama zambiri mumazipeza m'kachigawo kochepa ka m'mphepete mwa mtsinje. Mvuu zimapanikizana m'dziwe limodzi mpaka misana kugundana, ndipo njati zimabwera kudzamwa madzi zili gulu la mazanamazana, fumbi lili kobo.

Kuli nyama zina za m'chigwa chomwechi basi. Nyamalikiti wa kuno, amene amatchedwa wa Thornicroft, sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo nyumbu za Cookson nazonso n'za kuno, ngakhale kuti zimaoneka kwambiri cha kumpoto. Mbidzi zake zili ndi mizere yopyapyala yothithikana mpaka kumiyendo. Koma chimene alendo ambiri amadzera ndi kambuku. Madzulo, dzuwa litalowa, magalimoto a olondolera alendo amaloledwa kupitiriza kuyenda ndi nyali yaikulu mpaka cha m'ma 8 koloko, pamene amene akuyendetsa galimoto zawo ayenera kutuluka pofika 6 koloko. Olondolerawo amadziwa kuti m'miyezi ya chilimwe mtengo wa mvunguti umagwetsa maluwa ake ofiira, nswala zimabwera kudzatola, ndipo kambuku amagona panthambi pamwamba pake kudikira. Ine ndinamuona wina atakweza nswala yathunthu pamphanda ya mtengo, miyendo ya nyamayo ikulendewera, fisi ali pansi kuyang'ana kumwamba ndi kudikira kuti fupa ligwe. Zimenezi simungazione muli m'galimoto yanu masana.

Choncho malangizo anga ndi akuti galimoto muisiye pamalo ogona, ndipo ndalama imene mukanawonongera chipinda chapamwamba mulipire olondolera alendo, kamodzi m'mawa ndi kamodzi usiku. Malo ogona otsika mtengo alipo kunja kwa nkhalango m'mphepete mwa mtsinje, ena amalola kukhoma tenti ndi kudziphikira. Polipira pakhomo muonetse pasipoti, chifukwa anthu a m'mayiko a SADC amalipira mocheperako kusiyana ndi ochokera kutsidya kwa nyanja.

Za nyengo, tchuthi chanu chagwera pabwino. Mu Ogasiti udzu umakhala utauma, misewu ya m'nkhalango ikupitika, ndipo kutentha sikunafike poipa. Okutobala ndiye mwezi wa nyama zambiri, komanso ndi pamene mbalame zofiira zodya njuchi zimakhala zitaboola maenje awo m'magombe a mtsinje, koma kumatentha kupitirira madigiri 40, zomwe kwa mwana wa sitandade 4 ndi chilango. Mvula ikayamba dothi lamakande limameza magalimoto ndipo misasa yambiri ya m'katikati imatsekedwa.

Mkulu wa ku Zomba:

Mayi a ku Chipata afotokoza bwino, koma ndisiyana nawo pang'ono kuti aphunzitsi asapite ndi maganizo akuti kwathu kulibe kanthu. Chipembere ku South Luangwa simukachiona. Opha nyama mozembera anazitha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo zimene zili m'chigwacho lero zili ku North Luangwa, nkhalango ina ya kumpoto, kumene anayamba kuzibwezeretsa mu 2003. Ku Liwonde ndi ku Majete zipembere zilipo, ndipo kuchokera pamene bungwe la African Parks linatenga Majete mu 2003 ndi Liwonde mu 2015, mikango ndi nyama zina zimene zinatha zinabwezeretsedwa. Ulendo wa paboti pa Shire nawonso Luangwa wa chilimwe sangakupatseni. Ngati ndalama ili yoperewera, palibe manyazi kubwerera ku Liwonde.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene ndimavomereza kuti Luangwa ndiye mwini wake, ndicho kuyenda pansi m'tchire. Mwambo umenewu unakhazikika m'chigwa chomwechi kudzera mwa Norman Carr, katswiri woteteza nyama zakutchire, amene mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti gawo la dziko lake likhale la nyama ndipo ndalama za alendo zizipita kwa anthu ake, nkhalangoyo isanakhale paki ya boma mu 1972. Mumayenda mondondozana, patsogolo msilikali wa nyama ali ndi mfuti, ndipo wolondolera amakuimitsani pa zinthu zimene m'galimoto mumangozipitirira: phazi la mkango pamchenga ndi kudziwa kuti wadutsa liti, ndowe ya njovu yodzaza njere zimene zidzamere, kulira kwa anyani kochenjeza kuti kambuku ali pafupi. Ana osakwana zaka 12 saloledwa, choncho wamng'onoyo adzatsala ndi mmodzi wa inu. Zovala zikhale zotuwa kapena zobiriwira mozimiririka, chifukwa zakuda ndi zabuluu zimaitana kashembe, ntchentche imene imaluma mopyoza malaya ndipo ndi imene imafalitsa matenda a kaodzera. Udzudzu nawo ngwambiri kuchigwa, choncho masikito musaiwale.

Ndikupemphaninso kuti ana anu akaone mbali inayi. South Luangwa ilibe mpanda, ndipo njovu zimawoloka mtsinje usiku kulowa m'midzi ya Mfuwe, kumene zimathyola nkhokwe, kudya mango ndi kuwononga minda, mwina ndi kupha anthu kumene. Alimi kumeneko amayesa kuzithamangitsa ndi tsabola. Nkhaniyi si yachilendo kwa ife, chifukwa njovu 263 zitasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, midzi ya mbali zonse ziwiri za malire inayamba kudandaula chimodzimodzi. Mukafika, mukacheze ndi amayi ogulitsa tomato pamsika wa Mfuwe, mukamve mmene iwo amaionera njovu imene inu mwalipira kuti muione.

Mphunzitsi wa ku Likuni:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Tagwirizana kuti tipite mu Ogasiti, tikakhome tenti kunja kwa nkhalango ndipo tikalipire ulendo wa usiku, pamene ine ndi wamkuluyo tidzayesa woyenda pansi. Achimwene a ku Mchinji, ndithandizeninso pa chimodzi: galimotoyi ili m'dzina la mayi a kunyumba koma woyendetsa ndine, kodi pakufunika kalata yondiloleza ngakhale mwiniwake ali momwemo?

Dalaivala wa ku Mchinji:

Mwiniwake akakhalapo ndi pasipoti yake, dzina n'kufanana ndi la m'buku la galimoto, nkhani imaphweka chifukwa ndi iwo amene adzasaine zikalata zolowetsera galimotoyo. Kalata yololeza imafunika kwambiri mwini galimoto akatsala kunyumba, komabe kuilemba n'kuidinditsa sikutaya kanthu, ndipo apolisi a pamsewu wa ku Mfuwe akaifunsa mudzangoitulutsa pamodzi ndi laisensi yanu.