Ma hot subdwarf obisika ndi kuwala kwa nyenyezi zinzawo: ndiwapeze bwanji?

Mlonda_wa_Usiku:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikusefa data ya Gaia DR3 (mndandanda wa nyenyezi wochokera ku setilaiti ya Gaia) kufunafuna ma hot subdwarf, tinyenyezi totentha madigiri 20,000 mpaka 40,000 tija, tomwe tinasendedwa haidrojeni wakunja n'kutsala phata lokha loyaka hiliyamu. Ndikasankha zabuluu zokhazokha, zotuluka zake ndi zomwe zili kale m'kaundula wa nyenyezi zoterezi amene katswiri Geier anatulutsa mu 2019. Ine mtima wanga uli pa zimene zimazungulirana ndi nyenyezi ya mtundu F kapena G (yofananako ndi Dzuwa lathu). Mnzakeyo amawala kwambiri moti ziwirizo zimangooneka ngati nyenyezi imodzi wamba, sefa yanga n'kuzitaya. Zimandiwawa, chifukwa zoterezi ndi zimene zingatiuze bwino mmene kusendedwako kumachitikira.

Dzuwa_Salozana:
Achimwene, Gaia yokha sikufikitsani. Phatikizani ndi GALEX, setilaiti imene inkajambula thambo mu kuwala kwa ultraviolet. Mu ultraviolet subdwarf ndiye mwini bwalo, mnzake uja amazilala. Mukaona nyenyezi yooneka ngati G koma FUV yake (far-ultraviolet, mbali ya ultraviolet ya mafunde afupiafupi) yachuluka mosayenera, iikeni pambali. Mukatero onjezani 2MASS (kaundula wa nyenyezi mu kuwala kwa infrared), muyese kukwanitsa kuwala konseko ndi nyenyezi ziwiri, yotentha ndi yozizira. Ngakhale sdO (mtundu wotentha kwambiri wa subdwarf) yozungulirana ndi nyenyezi ya Phi Persei inatsimikizika ndi ultraviolet yomweyi. Vuto ndi lakuti GALEX inkalambalala mbali yaikulu ya chigawo cha Milky Way chodzaza nyenyezi zowala, poopa kuwononga makina ake, ndiye kumeneko mupeza mipata.

Nthanda:
Ndikuvomereza, koma samalani. Si FUV yochuluka iliyonse imene ili subdwarf. White dwarf (phata laling'ono lotsala nyenyezi ikafa) yotentha imachitanso chimodzimodzi. Gwiritsani ntchito parallax (njira yoyezera mtunda wa nyenyezi): subdwarf ndi yaikulu kuposa white dwarf kakhumi ndi kupitirira, choncho pa mtunda umodzimodzi imawala kwambiri. Zokayikitsa muzifufuze mu LAMOST kapena SDSS (makafukufuku amene amagawa kuwala kwa nyenyezi m'mitundu yake), muone ngati mzere wa hiliyamu pa 4471 Å (utali wa funde la kuwalako) ukuoneka.

Ndipo musataye nthawi ndi TESS (setilaiti yoyeza kusintha kwa kuwala kwa nyenyezi) pa gulu limeneli. TESS imakoma pa zonga HW Virginis, subdwarf yomwe imazungulirana ndi M dwarf (kanyenyezi kakang'ono kofiira) m'maola 2.8, kadamsana wake n'kumaonekera poyera. Za F ndi G zambiri zimatenga masiku mazanamazana kuti zizungulirane kamodzi, zina kupitirira 1,000.

Mlonda_wa_Usiku:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi GALEX ndi parallax. A Nthanda, nanga fumbi la mumlengalenga, lomwe limameza ultraviolet kwambiri, inu mumalikonza ndi mapu ati pa nyenyezi zapafupi?