Fodya wa pamphuno ndi fodya wa pachala: mwambiwu ukunena chiyani?

Mtsikana wa ku Ntcheu, Rosettenville

Akuluakulu, ndithandizeni. Lamulungu lapitali amayi anga anandiuza mwambi pafoni, ndipo mpaka lero ukundizungulira m'mutu. Anati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo." Ndinangovomera mwaulemu, koma sindinaumve. Fodya amene ndimamudziwa ine ndi ndudu, ndipo ndudu imakhala pakamwa. Mphuno ikubweramo bwanji? Nanga chalacho?

Chimene chinawayankhulitsa ndi ichi. Mwezi watha ndinaoda mabulangeti, nsapato za ana ndi maketulo ku China Mall kuno ku Joni, ndi ndalama zimene ndinasunga miyezi 5 ndikugwira ntchito ya m'nyumba. Ndinalongedza m'zikwama zitatu zamizeremizere zija, n'kupereka kwa transipota wina kufupi ndi Park Station kuti akasiye kwa mng'ono wanga ku Ntcheu. Zinafika ziwiri. Chachitatu, cha mabulangeti, akuti chinasowa pakati pa Nyamapanda ndi Zobue. Ine n'kuti nditawerengera kale phindu m'kope, nditawalonjezanso amayi malata a nyumba.

Chachiwiri, chaka chino ndalembetsa maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi ku yunivesite ya UNISA. Amene mukudziwa za malonda a pakati pa mayiko, ndiyambe kuwerenga chiyani? Sindikufuna kugwanso chonchi.

Telala wa ku Mayfair

Mwanangu, pepa ndi katunduyo. Mwambiwo sunena za ndudu ayi, unena za fodya wonunkhiza, uja agogo athu aakazi ankasunga m'kabotolo komangirira pansonga ya chitenje. Ankatenga masamba ouma a chingambwe, n'kuwapera pamwala mpaka asanduke ufa, ena n'kuthirako kaphulusa kuti akhale waukali. Ukapempha, mwiniwake ankagogoda kabotolo pachikhatho chako, iwe n'kutsina ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala, n'kunyamula kupita nazo kumphuno. Ulendo wake ndi waufupi kwambiri, koma fodya amatayikira pomwepo. Kamphepo ka mwera ka mu Juni kakangodutsa, kapena mwana akakugunda chigongono, watsala ndi zala zokha.

Ndiye akulu ankatanthauza kuti chinthu usachitche chako chisanafike pamene sichingalandidwenso. Amayi ako sakukudzudzula chifukwa chotumiza katundu. Akukukumbutsa za malata unalonjeza mabulangeti akadali pamsewu wa ku Tete.

Mayi wa geni, Yeoville

Bambo, tanthauzo mwalongosola bwino, koma ine mwambi umenewu sindiukonda, ndipo ndinene poyera. Ndauona ukufooketsa anthu. Munthu akufuna kuyamba geni, abale akumuuza kuti sunga ndalama yako, ya pamphuno ndiye yako. Nanga geni iliyonse si fodya wa pachala? Mpamba ukautulutsa m'thumba wapita kumphepo basi, ndipo popanda kuutulutsa phindu lichokera kuti? Ine ndatumiza katundu ku Limbe ndi ku Lilongwe zaka zambiri, wina anasowa, wina ananyowa ndi mvula pa Beitbridge, koma ana anga aphunzira ndi katundu yemweyo. Achemwali, musasiye. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Kalaliki wa makontena, City Deep

Achemwali, ine ntchito yanga ndi mapepala a makontena amene amachokera ku Durban kubwera kuno ku City Deep. Mutalemba mwambiwu ndakhala chete kanthawi, chifukwa funso lake ndi limene ndimalimbana nalo tsiku ndi tsiku: katundu ali pachala cha ndani pa ola lino?

Buku loyamba kuwerenga ndi laling'ono, Incoterms 2020, lofalitsidwa ndi International Chamber of Commerce, bungwe limene likulu lake lili ku Paris. Malamulo amenewa anayamba kutuluka mu 1936, pano alipo 11, lililonse lili ndi dzina la zilembo zitatu. Ntchito yawo ndi kunena malo enieni pamene tsoka la katundu limachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula, komanso amene alipire ulendo, inshulansi ndi msonkho wa pachipata.

Ndikupatseni chitsanzo chimene chimagwetsa anthu ambiri. Mwagula katundu ku Shanghai pa lamulo la CIF Durban. Wogulitsa walipira sitima ndi inshulansi mpaka ku Durban, ndiye inu mukuganiza kuti katunduyo akadali m'manja mwake mpaka afike. Sizili choncho. Katundu akangokwezedwa m'sitima ku Shanghai, chilichonse chomugwera panyanja chagwera inu, ndipo chimene mwagwira ndi pepala la inshulansi lokadandaulira. Pa DAP zimasiyana, wogulitsa amasenza tsoka mpaka katundu afike pamalo amene munatchula. Pa DDP amalipiranso msonkho wolowetsera katunduyo m'dziko lanu. Pa EXW mumakatenga nokha pakhomo pake, ndipo kuyambira pamenepo zonse ndi zanu. Inuyo ku China Mall munagula ngati EXW, mphepo yonse kuchokera ku Joni mpaka ku Ntcheu inali yanu nokha, popanda pepala lililonse pakati pa inu ndi transipota.

Dziwaninso kuti Incoterms sanena za umwini wa katundu kapena tsiku lolipira, zimenezo mumalemba nokha m'pangano. Mukamaliza limenelo fufuzani UCP 600, malamulo a bungwe lomwelo a mu 2007 okhudza letter of credit. Apo ndi pamene amalonda anapezera njira yoti anthu awiri osadziwana, wina ku Blantyre wina ku Mumbai, agulitsane popanda wina kuyamba kutaya chake. Banki ya wogula imalonjeza kulipira ikangoona mapepala oyenera, monga bill of lading yosonyeza kuti katundu wakwera sitima. Banki imayang'ana mapepala okha, katunduyo sikamuona. Chilembo chimodzi chikalakwika papepala, ndalama ikhoza kuima ngakhale katundu ali bwinobwino padoko.

Mayi wa geni, Yeoville

Achimwene a ku City Deep, muwauzenso za SADC. Ambiri amamva kuti malonda a m'chigawo chino ndi aulere kuyambira 2008, n'kumaganiza kuti chilichonse chogulidwa ku Joni chilowa ku Mwanza kapena ku Dedza popanda msonkho. Chimene amayang'ana a MRA ndi kumene katundu anapangidwa. Bulangeti lopangidwa ku China silikhala la South Africa chifukwa choti mwaligula ku Johannesburg. Malamulo a SADC onena za kumene katundu anachokera muwawerenge musanaode.

Mnyamata wa ku Kasungu, Braamfontein

Ine ndinakulira m'zigafa za fodya weniweniyo, ndipo bambo anga mwambiwu ankaunena chaka chilichonse mabelo akakwera lole kupita ku Chinkhoma. Mlimi wayamba ndi nazale mu Seputembala, waokera ndi mvula yoyamba, wathyola, wasoka, wayanika, wasankha, wadinda mabelo. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo. Mabelo akafika ku okushoni, kaya ku Kanengo, ku Limbe, ku Mzuzu kapena ku Chinkhoma, ogula akhoza kuwabweza, kapena kuika mtengo umene sunali m'maganizo mwako. Akagulidwa, amayamba adula ngongole ya feteleza, ya thiransipoti ndi zina, ndipo chotsala ndi chimene bambo ankachitcha cha pamphuno. Ndinawaona chaka china atagwira pepala la malonda panja pa banki, akuwerenga ndi chala mzere ndi mzere, n'kulipinda kanayi osanena kanthu.

Dziko lathu lonse lili chimodzimodzi. Fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene Malawi amapeza pogulitsa katundu, amagulitsidwa m'madola, ndipo poti dziko lathu lilibe doko lakelake, ayenera kudutsa ku Beira, ku Nacala kapena ku Durban. Ngakhale ndalama yokhala m'thumba imatengedwa ndi mphepo. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mpaka kufika pa K1,700 dola imodzi. Amene anagulitsa katundu wa ku Joni pangongole mwezi umenewo usanafike analandira makwacha onse amene anagwirizana, koma atawasintha kukhala marandi sanakwanitse kuodanso katundu yemweyo. Achemwali, mukamawerengera phindu muziwerengera m'marandi, ndalama imene mumaodera.

Za zowerenga, kusukulu adzakuphunzitsani David Ricardo, amene mu 1817 anafotokoza ndi chitsanzo cha nsalu za ku England ndi vinyo wa ku Portugal kuti mayiko amapindula aliyense akalimbikira chimene amachipanga motaya zochepa n'kusinthana. Muwerengeni, mfundo yake ndi yolimba. Koma pambali pake muike A History of Malawi, 1859–1966 ya John McCracken, kuti muone kuti ife sitinangodzuka n'kusankha fodya. Panali thangata m'maesiteti, panali Native Tobacco Board ya mu 1926 imene inkalamulira alimi akuda. Ngakhale titalandira ufulu, alimi ang'onoang'ono sanaloledwe kulima fodya wa burley mpaka 1990. Kuwerenga Ricardo yekha kumakupangitsani kuganiza kuti msika ndi bwalo losalala.

Telala wa ku Mayfair

Ana inu mwandikumbutsa zakale. Ine Joni ndinabwera koyamba ndi Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, m'zaka za m'ma 1980, kukalowa pansi mu mgodi wa golide. Akulu anga anabwera kale ndi Wenela, dzina lakale la bungwe lomweli, ndege ija isanagwe ku Francistown mu 1974 n'kupha amuna athu ambiri, a Kamuzu Banda n'kuimitsa ulendo wa kumigodi kwa zaka zingapo. Malipiro athu sankatipatsa onse m'manja. Gawo lina ankalisunga kuti tikalandirire kumudzi pangano likatha. Tinkagona mu komponi tikuwerengera ndalama imeneyo, uyu njinga, uyu makina osokera, uyu ng'ombe. Ulendo wa Theba unatha mu 1988, ndipo mpaka lero kuli nkhalamba zinzanga kumudzi zimene zikusungabe mapepala m'kapulasitiki, kudikira ndalama za ntchito imene zinagwira zili anyamata.

Mayi a ku Yeoville, ndakumvani, koma mwambiwu suletsa kutsina fodya. Palibe fodya amene anafika pamphuno osadutsa pachala. Mukanawaona agogo anga akununkhiza panja tsiku la mphepo: ankafulatira kumene ikuchokera, dzanja lina likutchinga, ndipo sankatsina wambiri nthawi imodzi. Amene amagwiritsa mwambiwu poletsa ana awo geni angoutenga theka. Zimene akunena mwana wa ku City Deep, mapepala ndi inshulansi, ine ndikuona ngati ndi dzanja lotchinga lija.

Kalaliki wa makontena, City Deep

Bambo mwanena zoona. Achemwali, ngakhale ndi transipota wa pa Park Station zimatheka. Lembani mndandanda wa zimene zili m'chikwama chilichonse ndi mtengo wake, sungani malisiti, jambulani zikwama zili pasikelo. Iye asaine, alembe nambala ya galimoto, ndipo mugwirizane polemba kuti chikasowa abweza zingati. Akakana kusaina, mwadziwiratu kuti tsoka lonse akusiyira inu.

Mtsikana wa ku Ntcheu, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Mayfair, mutangotchula kabotolo ka pachitenje ndakumbukira agogo anga a ku Bawi, anali nako kabulawuni, ndipo ankatithamangitsa tikamasewera pafupi iwo akununkhiza. Sindinkadziwa kuti ankateteza chiyani.

Usiku uno ndiwaimbira amayi kuwauza kuti malata adikire kaye mpaka nsapato ndi maketulo zigulidwe, ndalama ifike m'manja mwa mng'ono wanga. Incoterms ndayamba kale kufufuza. Mayi a ku Yeoville, Loweruka ndikupitanso kukaoda, koma chikwama chimodzi chokha. Kodi transipota amene mumatumizira inu amavomera kusaina pepala? Ngati amatero, ndingakupezeni kuti m'mawa wake kuti tipitire limodzi?