Mndandanda wa vinyo pa hotela ya kunyanja: tiuyese ndi chiyani?

Woyang'anira malo odyera, Senga Bay:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Eni hotela yathu alandira mndandanda watsopano wa vinyo kuchokera kwa wogulitsa wina wa ku Lilongwe, ndipo akufuna ndiuvomereze usanasindikizidwe. Muli mitundu 48, yoposa theka ndi vinyo wofiira, ndipo kumapeto kuli mabotolo asanu a ku Bordeaux, dera la vinyo la ku France, amene mtengo wake ukuposa wa chipinda chogona. Iwo akuti kutalika kwa mndandanda ndiko kumasonyeza malo apamwamba, koma ine ndikukayika chifukwa alendo athu ambiri amaitanitsa chambo ndi kampango. Inu mumauyesa ndi chiyani?

Mkulu wa bala pa loji, Nkhotakota:
Mayi, musayambe ndi kuwerenga mitundu, yambani ndi mzere uliwonse. Uyenera kutchula wopanga, mtundu wa mphesa, dera ndi chaka chimene mphesazo zinakololedwa, ndipo pamene chimodzi chikusowa dziwani kuti wogulitsa wadzisiyira mpata wokubweretserani chilichonse chimene chatsala m'sitolo mwake. Vinyo wambiri amene timagulitsa kuno ndi wa ku South Africa, kumene dongosolo la Wine of Origin, lotsimikizira kumene vinyo wachokera, linayamba mu 1973. Botolo likatchula dera, mphesa zonse ziyenera kuchokera m'deralo, ndipo likatchula mtundu wa mphesa kapena chaka, mphesa zosachepera 85 pa 100 ziyenera kukhala zimenezo. Choncho botolo lolembedwa Western Cape chabe, lomwe mphesa zake zingatoledwe m'chigawo chonse, lisamakwere mtengo mofanana ndi la Stellenbosch, Swartland kapena Constantia, omwe ndi madera ang'onoang'ono a m'chigawocho. Onaninso zaka za Sauvignon Blanc (vinyo woyera) ndi rosé (wofiirira pang'ono), chifukwa ambiri mwa amenewa amakoma akadali atsopano, ndipo wa zaka zinayi kapena zisanu pa mndandanda watsopano ndi katundu amene wakanika kwina.

Wophika wamkulu, Salima:
Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Nkhotakota, koma vuto lalikulu mwalitchula kale nokha, mayi. Vinyo wofiira wolemera amauma m'kamwa ngati nthochi yosapsa, ndipo akakumana ndi chambo amaphimba kukoma kwake konse. Nsomba imafuna vinyo woyera wowawasa pang'ono. Chenin Blanc, mphesa imene imalimidwa kwambiri kuposa ina iliyonse ku South Africa, imapezeka pa mitengo yosiyanasiyana, kotero mukhoza kuika itatu, wotsika, wapakati ndi wokwera, mlendo n'kusankha malinga ndi thumba lake. Kampango ali ndi mafuta, amapirira vinyo woyera wa Chardonnay. Wofiira asachoke yense: Pinotage, amene Abraham Perold anamupanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, amayenda bwino ndi mbuzi yowotcha.

Wosunga chuma pa hotela, Senga Bay:
Za mitengo ndiyankhe ine. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu a mamililita 150, choncho chulukitsani kasanu mtengo wa tambula muone ngati ukuyenderana ndi wa botolo. Phindu pa 100 liyenera kuchepa pamene botolo likukwera mtengo, popeza mukachulukitsa katatu botolo lodula monga mumachitira ndi lotchipa, lidzangokongoletsa shelefu. Muwerengenso mtengo wodzagulira botolo lina mawa, osati umene munagulira dzulo. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, amene anapitiriza ndi mitengo yakale anagulitsa katundu yense n'kulephera kubwezeretsa. Pa chifukwa chomwecho, musindikize pa pepala limene mungasinthe mosavuta.

Mkulu wa bala pa loji, Nkhotakota:
Pa Bordeaux paja ndifunse: mudzamusunga kuti? Vinyo amafuna malo amdima ozizira pafupifupi madigiri 12 mpaka 14, pamene kuno kunyanja mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo magetsi akazima si firiji iliyonse imene imalumikizidwa ku jenereta. Botolo lophikika limadziwika ndi vinyo wodontha m'mbali mwa cork (chotsekera kukamwa kwa botolo) kapena cork wotukumuka, koma nthawi zina mumadziwa mlendo atalawa kale n'kulibweza. Lotchipa likabwezedwa mumapirira, koma la mtengo wa chipinda limadya phindu la matebulo angapo.

Woyang'anira malo odyera, Senga Bay:
Zikomo nonse. Firiji yathu ya vinyo imalowa mabotolo ochepa, ndiye ndikauza eni ake kuti titsike kufika pa mitundu pafupifupi 20, woyera achuluke, ndipo wa ku Bordeaux atsale mmodzi. Bambo wosunga chuma, kodi wogulitsa wanu amavomera kulemba m'pangano kuti adzakudziwitsani chaka cha botolo chikasintha, kapena mumangoona katundu atafika?