Chomwe chinkamwetsa mafuta SUV yanga ija chapezeka

Mwezi wathawu ndinafunsa za SUV yomwe ndinagula kwa munthu, yomwe inkamwa petulo modetsa nkhawa. Ambiri munati ndisinthe mapulagi ndi air filter. Ndinasinthadi, koma sizinathandize kwenikweni.

Amakaniko atalumikiza kachipangizo kowerengera zovuta za injini, kanaonetsa P0128, nambala yosonyeza kuti madzi oziziritsa injini sakutentha mokwanira. Thermostat, yomwe imatsegula ndi kutseka njira ya madziwo, inali itakanirira yotseguka, ndiye madzi ankangozungulira mu radiator nthawi zonse, injini osafika potentha moyenera. Injini ikakhala yozizira, kompyuta ya galimoto imathira mafuta ambiri. Chizindikiro chinalipo kalekale: kamuvi ka kutentha kankakhala pansi, potsetsereka n'kutsikiratu, ine n'kumaganiza kuti ndi zabwino.

Vuto lina ndinalipeza ndi dzanja. Nditayenda pang'ono, ndinakhudza marimu onse, lakumbuyo kumanzere linali lotentha kuposa ena. Caliper, chitsulo chomwe chimapanikiza mabuleki pa gudumu, inkagwira buleki osalekeratu. Tinayikonza, tinapopanso matayala molingana ndi kapepala ka pachitseko cha dalaivala.

Poyeza, ndimadzaza thanki, n'kuyenda, n'kudzazanso, kenako n'kugawa makilomita ndi malita. Poyamba inkayenda makilomita 7 pa lita, pano ikufika 9. Zikomo kwambiri inu amene munanena za kutentha kwa injini.